Besi imagulidwa ndi maso, ampu ndi makutu

Loweruka masana, makwaya akamakonzekera mapemphero a mawa lake, chimene chimamveka patali m'makomboni a Lusaka si mawu a oimba koma besi. Imapyola makoma a mabuloko, imanjenjemeretsa malata, ndipo munthu amene ali pamzere wa madzi ku George kapena akudikira minibasi ku Chawama amaimva m'chifuwa asanadziwe kumene kuli tchalitchicho. Ambiri mwa amene amaiimba sadyera nyimbo. Wina amawotcherera mageti ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, womwe nawonso unatenga dzina la woimba. Wina ndi mphunzitsi ku Matero, wina amagulitsa salaula ku msika wa Soweto. Besi anaigula ndi ndalama yosonkherana ya chilimba, ndipo tsiku lina adzaigulitsa kuti agule ina, kapena kuti alipire lendi.

Msika wawo ulibe shedi kapena tcheyamani. Zida zatsopano zilipo m'masitolo a m'tauni ndi ku Kamwala, koma mtengo wake, msonkho wa VAT wa 16 peresenti uli momwemo, umabweza ambiri pakhomo. Choncho zida zimangozungulira m'manja: pa Facebook, m'magulu a WhatsApp a oimba a m'matchalitchi, ndi kudzera mwa mnzake wa mnzake. Zina zinabwera pa basi kuchokera ku Johannesburg, kulowera pa Chirundu kapena pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021. Zina ndi za ku China, zodzera ku Dar es Salaam ndi ku Nakonde. Zina anatumiza ndi achibale a ku London kapena ku America, ndipo za ku America, monga tione kutsogoloku, zimabwera ndi msampha wake.

Wogula akafika, diso limathamangira kumutu kwa gitala kumene kuli dzina, ndipo dzina limene aliyense amafuna ndi Fender. Chifukwa chake chilipo. Leo Fender ndiye anafalitsa besi yamagetsi pamene anatulutsa Precision Bass mu 1951, kenako Jazz Bass mu 1960, ndipo mabesi ambiri a padziko lapansi amatsanzira maonekedwe a ziwirizi mpaka lero. Koma dzina ndi kapepala komata chabe, ndipo gong'a wa Fender ndi wosasowa. Squier ndi nkhani ina: ndi mtundu wotsika mtengo wa kampani ya Fender yomweyo, wopangidwa makamaka ku Indonesia ndi ku China, ndipo suchita manyazi ndi dzina lake. Kwa ine Squier, Yamaha, Ibanez kapena Cort yoona imaposa kutali Fender yabodza, ngakhale kuti pa chithunzi cha ukwati yabodzayo ndiyo imaoneka bwino.

Amene anapsapo sayang'ana dzina, amayang'ana khosi. Nsambo zinayi za besi zimakoka mwamphamvu usiku ndi usana, ndipo khosi lake ndi lalitali, pafupifupi masentimita 86 kuchokera pamene nsambo yayambira kulira mpaka pamene yathera. Kutentha kwa Okutobala m'nyumba ya malata yopanda siling'i, kutsatana ndi chinyezi cha dzinja, kumalipinda pang'onopang'ono. M'kati mwa khosilo muli kachitsulo kamene amakapotokola ndi kiyi kuti liwongoke. Kakakhala kuti kanathyoka kapena mutu wake unadyeka, besiyo yatha, ngakhale utoto ukuwala bwanji. N'chifukwa chake wodziwa amaiimika, n'kusuzumira khosi kuchokera kumutu ndi diso limodzi, kenako n'kudina nsambo iliyonse pa kachitsulo kalikonse kopingasa pakhosi mpaka kumapeto, kumvetsera ngati pali pamene ikusisita. Amagwedezanso chingwe polowera pake kuti amve ngati chikuthetheka.

Pali tinthu tina toseketsa. Mabesi ena ali ndi kabatire ka 9V kumsana, ndipo ukasiya chingwe chili cholowetsa usiku wonse kamatha. Mwini wake wosadziwa amaganiza kuti besi yafa, n'kuigulitsa motchipa kwa munthu amene akungofunika kugula batire pa kantemba. Nsambo nazo n'zodula moti oimba ambiri amaziwiritsa m'madzi kuti litsiro ndi thukuta zichoke. Zimawaladi mawu kwa kanthawi, koma nsambo yowiritsidwa kawiri katatu imaduka tsiku limene simukufuna.

Zonsezi n'zapafupi poyerekeza ndi nkhani ya ampulifaya, imene oimba amangoti ampu. Apa ndi pamene ndalama zimatayika, chifukwa wophunzira amathira zonse pa gitala n'kutsala ndi zochepa za chokuzira mawu. Kugula besi popanda ampu yake kuli ngati kugula pulawo ulibe ng'ombe. Nsambo yaikulu ya besi, ya E, imanjenjemera pafupifupi ka 41 pa sekondi, pomwe inzake ya pa gitala wamba imanjenjemera ka 82. Besi ya nsambo zisanu, imene oimba nyimbo zauzimu amaikonda, imatsika mpaka pafupifupi ka 31. Mawu otsika chonchi amafuna sipika yokankha mpweya wambiri, kawirikawiri imodzi ya mainchesi 15 kapena zinayi za mainchesi 10, m'bokosi lolimba. Mnyamata akalumikiza besi ku ampu ya gitala wamba kapena ku wailesi ya pabalaza n'kukweza, pepala la sipika limang'ambika kapena waya wake umapsa. Masipika ambiri amene ali kwa okonza anafa imfa imeneyi.

Manambala a pabokosi amanamanso. Pali mawati olembedwa kuti PMPO, amene amafika m'masauzande pa kabokosi konyamula ndi dzanja limodzi, ndipo pali a RMS, amene ndiwo mphamvu yeniyeni. Kuti muone kukula kwa bodzali, Ampeg SVT, imene inatuluka mu 1969 n'kumagwedeza mabwalo akuluakulu a ku America, inali ya mawati 300 okha. Kwa woimba wa m'chipinda chake mawati 25 ndi okwana. Woimba pamodzi ndi ng'oma za jazi m'tchalitchi amafunika 100 kapena kuposerapo, apo ayi sadzimva yekha. Palinso ma ohm: ampu yolembedwa kuti isatsike pa 4, ukaimangirira masipika ambiri mwachisawawa kuti phokoso likule, imatentha n'kuzima. Zimenezi zimachitika kwambiri pa misonkhano ya chitsitsimutso, pamene aliyense wabwera ndi sipika yake.

Mkangano umene sutha pakati pa oimba ndi wa ampu zakale ndi zatsopano. Zakale, monga ma Peavey a ku Mississippi, n'zolemera moti pamafunika wilibala kapena anthu awiri. Zatsopano, monga Fender Rumble, munthu amakwera nazo minibasi atazipachika pamwendo, ndipo zimalira bwino ndithu. Kusiyana kumaonekera tsiku limene zafa. Yakale ili ndi thiransifoma yaikulu ndi tizida toonekeratu, timene mudala wokonza mawailesi pamsika amatha kuchotsa n'kuwotcherera tina. Yatsopano nthawi zambiri imafuna bolodi yonse, yoitanitsa kunja. Munthu wa ku Kabulonga akhoza kudikira. Wa ku Mtendere, ngakhale ali kuseri kwa mpanda womwewo, ndi bwino asankhe cholemeracho.

Ndiye pali magetsi. Ku Zambia ndi a 230V, pomwe ku America ndi a 120V. Ampu yotumizidwa ndi amalume a kumeneko, ikalowetsedwa pakhoma popanda thiransifoma yotsitsa mphamvu, imatulutsa utsi tsiku loyamba lomwelo. Wogula ayenera kuwerenga kumsana kwa ampu asanafunse n'komwe mtengo. Kuonjezera apo, magetsiwo ndi osadalirika. Mu 2024 chilala chinachepetsa kwambiri madzi a nyanja ya Kariba, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pa tsoka la chilala, ndipo pofika Seputembala ZESCO inkazimitsa malaiti mpaka maola 21 pa tsiku m'madera ambiri. Ampu siivutika kwenikweni ndi kuzima kwa magetsi. Imavutika ndi kubwera kwake kwadzidzidzi, komanso ndi majenereta ang'onoang'ono amene mphamvu yake imakwera n'kutsika. Fyuzi ikapsa, ena amakulungapo waya kuti mapemphero asaime, ndipo ulendo wotsatira chimapsa ndi chida chonse.

Ku Kanyama mdani wina ndi madzi. Kumeneko pansi ndi pamwala ndipo m'posatsetsereka, moti mvula ikagwa yambiri madzi amalowa m'nyumba chaka ndi chaka. Bokosi la sipika limakhala pansi. Ampu yogulitsidwa mu Epulo kapena Meyi iyenera kugadabuzidwa: thabwa lofufuma m'munsi, dzimbiri pa tizikuluwu, mzere wa matope m'kati mwa nsalu yakutsogolo ndi fungo la nkhungu zimaulula zimene wogulitsa sananene.

Chodabwitsa n'chakuti dziko lino linali ndi besi yosafuna ZESCO. Nyimbo za kalindula, zochokera ku Luapula, zinatenga dzina la chida chachikulu chopanga pamanja: ng'oma yokutidwa ndi chikopa, mtengo wautali ndi nsambo zokhuthala. Ku Malawi mbale wake ndi babatoni, imene Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi a Madalitso Band a ku Lilongwe ayenda nayo mpaka ku Ulaya. M'zaka za m'ma 1970, Kenneth Kaunda atalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pawailesi zikhale za m'dziko muno, magulu a Zamrock monga WITCH ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, imene inatulutsa chimbale cha 45,000 Volts mu 1977, anazolowetsa anthu phokoso la magetsi. M'ma 1980 a PK Chishala, Amayenge, Shalawambe ndi Masasu Band anasamutsira kayendedwe ka kalindula pa besi yamagetsi. Kayendedwe kameneka, pamodzi ndi rumba ya ku Congo ndi sungura ya Alick Macheso wa ku Zimbabwe, amene bambo ake anali ochokera ku Malawi, ndiko kali m'zala za oimba a m'komboni. Besi ya oimbawa ndi yoyankhula, yothamanga, yokwera mpaka kumtunda kwa khosi. N'chifukwa chake khosi lopindika, limene woimba wa nyimbo zodekha angalipirire, kuno n'losagwira ntchito.

Kale zida zinkakhala za mwini bala kapena mwini bandi. Lero mwini wamkulu ndi tchalitchi. Chilengezereni Frederick Chiluba mu Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, mipingo ya chipentekoste yachuluka m'makomboni, ina m'makalasi a sukulu, ina m'mashedi, ndipo uliwonse umafuna kiyibodi, ng'oma ndi besi. Ana ambiri amaphunzirira pamenepo. Pamenepo ndi pamenenso pamabuka milandu. Mpingo unagula ampu, woimba anaikamo sipika yatsopano ndi ndalama yake, ndiye akasemphana ndi abusa n'kusamukira kwina, chida n'cha yani? Palibe chimene chinalembedwa. Zida za m'matchalitchi zimabedwanso, choncho ampu yabwino yotchipa mokayikitsa, yopanda lisiti, nambala yake ya kumsana itapalidwa, ikhoza kufikitsa wogula ku polisi.

Mitengo imatsika mu Januwale, lendi ndi mayunifolomu a ana zikapana, komanso munthu akamathawa ngongole ya kaloba. Ogula ochenjera amadikira nthawi imeneyo. Sakhulupirira kavidiyo ka pafoni, chifukwa sipika ya foni siitulutsa n'komwe mawu a nsambo ya E, ndipo satumiza ndalama pa Airtel Money kapena MTN asanagwire chida. Amapangana kukumana kwa wokonza mawailesi, pa ola limene kuli malaiti, n'kuisiya ampu ikulira kwa theka la ola, popeza matenda ambiri amayamba ikatentha. Wokonzayo amapatsidwa ya drinki, ndipo kawirikawiri iyenso amakhala ndi ampu ziwiri zitatu pashelefu zimene eni ake analephera kuziwombola, zoti akhoza kuzigulitsa pa mtengo wongobweza ntchito yake ndi tizida timene anaikamo.