Gumbagumba wa ku Mchinji ndi njira imene Chmba anadutsa

Loweruka masana pa Kamwendo kapena pa Mkanda munthu sasowa nyimbo. Masipika aunjikidwa pakhonde, jenereta ikulira kuseri, mnyamata wa laputopu akusintha nyimbo malinga ndi gulu limene laitanidwa kukafupa pa perekaniperekani. Kwa anthu ambiri a ku Mchinji, DJ ndi ameneyu, wa paukwati ndi pachinkhoswe, woika nyimbo imene eni mwambo alamula.

Alipo DJ wa mtundu wina, amene anthu amapita kukamumvera, osati kukamulamula. Zake ndi techno ndi house. Techno inabadwira ku Detroit, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1980, m'manja mwa anyamata atatu achikuda: Juan Atkins, Derrick May ndi Kevin Saunderson. Mawu oimba amakhala ochepa, nthawi zina mulibiretu. Chimene chimagwira munthu ndi kugunda kosaduka ngati misi iwiri mumtondo umodzi, ka 130 kapena kuposerapo pa mphindi.

Luso lagona pa kulumikiza. Nyimbo ina ikulira pabwalo, DJ hedifoni ili kukhutu limodzi, akumvetsera inzake, kuichedwetsa kapena kuifulumizitsa mpaka ziwirizo ziponde pamodzi. Kenaka amailowetsa pang'onopang'ono, achotseko besi uku, awonjezere uko, ovina osadziwa kuti yoyamba ija yatha liti. Munthu amatha miyezi akuyeserera zimenezi yekha m'chipinda asanaime pamaso pa anthu.

Ambiri mwa ma DJ otere samveka pa wailesi, ndipo sadandaula. Amakulira m'malo obisika. Ku Berlin, kalabu ya Tresor inatsegulidwa mu 1991 m'chipinda chapansi chimene kale chinkasungira ndalama za sitolo yaikulu. Mu 2024 dziko la Germany linaika techno ya mumzindawo pa mndandanda wa chikhalidwe chake choyenera kutetezedwa.

Kwathu kuno, amene wayenda njira yoyandikira pamenepa ndi Ellen Chilemba, wodziwika kuti Chmba. Anthu anayamba kumudziwa pa zachitukuko: mu 2012, ali ndi zaka 17, anayambitsa bungwe la Tiwale ku Mtsiliza mu Lilongwe, lothandiza amayi ndi ngongole zazing'ono komanso luso lonyika nsalu. Atapita kukaphunzira ku Mount Holyoke College ku America sanasiye nyimbo, mpaka anayamba kupanga zakezake. Anatulutsa Mtima Rising mu 2020 ndi Okongola Caucus mu 2023, momwe kugunda kwa makina kumayendera limodzi ndi mawu a Chichewa.

Chimene chimandikhudza pa mbiri yake si mabwalo akunja amene waimbako. Ndi chakuti luso limeneli analibweretsa ku Tiwale, kuti atsikana aphunzire kusakaniza ndi kupanga nyimbo. Pantchito imene anyamata anaitenga ngati yawo yokha, imeneyi si nkhani yaing'ono.

Alendo nawo anachitapo mbali yawo. Will Jameson, amene anayambitsa Lake of Stars ku Chintheche mu 2004, ankayendetsa dansi ya usiku ku Liverpool imene anaitcha Chibuku Shake Shake. Koma chikondwerero cha kunyanja cha masiku atatu sichilera DJ wa pa Kapiri.

Komatu Mchinji ili ndi makutu. Chipata ali pafupi kuposa Lilongwe, ndipo nyimbo siziima pamzere pa Mwami kudikira chidindo. Za ku Zambia, amapiano a ku Joni, zonse zimalowa pa memori khadi n'kufalikira kwa anyamata obena nyimbo pamsika. Mwana wa kuno wakula akumva ng'oma za gule wamkulu ndi kuponda kwa ingoma, choncho kuvina kugunda kopanda mawu si chinthu chachilendo kwa iye.

Zimene akusowa n'zodziwika: makina osakanizira amene mtengo wake ndi wa madola, magetsi osathimathima, ndi chipinda choti ayeserere popanda wina kumukalipira kuti abwezere nyimbo ya mkwatibwi. Wailesi ya Mudziwathu itapatula ola limodzi Lachisanu usiku kuti achinyamata azisakaniza zawo, tingamve zimene zili m'malaputopu a pa Waliranji. Pakali pano, mtsikana wa pa boma wofuna kuphunzira ayenera kupeza ya minibasi, makilomita oposa 100 pa msewu wa M12, kukafika ku Lilongwe.