DZINO LIMENE LIMERA MWANA AKUYAMBA SUKULU

Mwana akafika zaka 6, msinkhu umene alembedwa mu Sitandade 1 m'sukulu za m'Malawi muno, m'kamwa mwake mumamera mano anayi amene makolo ambiri sawazindikira. Mano amenewa amatuluka kumapeto kwa mzere, awiri kumwamba ndi awiri kumunsi, kuseri kwa mano 20 aubwana. Ndipo popeza sagwetsa dzino lina pomera, mayi ndi bambo amayesa kuti nawonso ngaubwana, adzagweluka okha. Koma si tero ayi. Amenewa ndiwo mano oyamba otafunira a pa ukulu, ndipo limodzi likaola nilizulidwa, palibe lina lidzamera m'malo mwake.

Kuola kwa dzino kumayamba mwakachetechete. Pa mano pamakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya shuga wotsalira m'kamwa ndi kutulutsa asidi wosungunula khungu lolimba la dzino. Poyamba pamangooneka kadontho koyera ngati choko, kosapweteka konse, ndipo pa nthawi imeneyo dzino likhoza kulimbanso popanda kulibowola. Pambuyo pake pamabooka kadzenje, makamaka m'timikwasa ta pamwamba pa dzino lotafunira, m'mene zakudya zimakanirira. Ululu weniweni umadza mochedwa, kuolako kutayandikira mitsempha ya m'kati. Tsono mwana akayamba kulira usiku, tsaya litatupa, ndi kujomba ku sukulu, kawirikawiri ntchito imene yatsalira a chipatala ndi kuzula basi. Ichi ndicho chifukwa chake madotolo a mano anena kuti mwana ayenera kupimidwa m'kamwa asanamve kupweteka, kuyambira pamene dzino loyamba lamera, ndipo pasamapite chaka chathunthu asanaonedwenso.

Vutoli si laling'ono. Kafukufuku wa dziko lonse la Malawi amene anasindikizidwa m'chaka cha 2016 anapeza kuti mwa ana 100 alionse a zaka 12 mpaka 15, ana 21 anali ndi mano oola, ndipo pakati pa akulu a zaka 35 ndi kupitirira, pafupifupi theka anali ndi nthendayi. Anapezanso kuti m'tauni mano ali kuola monga momwe aolera kumudzi. Antchito a Boma alingalirepo bwino pamenepa, pakuti malipiro a pa mwezi amene agula sopo ndi nsapato ndi omwenso agula maswiti, mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera. Nalonso bungwe la WHO linanena m'chaka cha 2022 kuti ana oposa 500 miliyoni pa dziko lapansi ali ndi mano aubwana oola.

Boma silinakhale chete. M'chaka cha 2019 sukulu ya madotolo ku Blantyre, imene tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kuphunzitsa madotolo a mano kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya dziko lino, mothandizana ndi University of Glasgow ndi Boma la Scotland. Kale wofuna maphunziro amenewa anayenera kupita kunja. M'chaka cha 2022 Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa ndondomeko ya dziko yosamalira m'kamwa, imene iika patsogolo kupewa nthenda, makamaka pa ana. Izi nzoyamikika. Komabe dotolo mmodzi amatenga zaka zambiri kuti aphunzire, ndipo ngakhale awonjezeredwe pa anzawo othandiza ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences, padzapita nthawi kuti akwanire kuona mwana aliyense wa ku Chitipa kufikira ku Nsanje.

Munthu wa Boma amene aona mwana masiku asanu pa mlungu ndi mphunzitsi. Iye sali dotolo, ndipo sayenera kugwira chitsulo chilichonse m'kamwa mwa mwana. Koma monga ayendera zikhadabo ndi tsitsi pa mzere wa m'mawa, akhozanso kuuza ana kuti ayasamule, naona dzino lakuda, kadzenje, kapena nkhama zotupa ndi zotuluka magazi, nalembera makolo kalata yoti apite naye mwana ku chipatala msanga. Akhoza kuphunzitsa kutsuka mano kawiri pa tsiku, makamaka usiku pogona, ndi mswachi ndi mankhwala okhala ndi fluoride, pang'ono pokha ngati njere ya nandolo. Ndipo mwana akatsuka alavule thovu koma asachukuche ndi madzi, kuti mankhwalawo atsalire pa mano. Ana a Sitandade 1 sanathe kudzitsuka bwino okha, kotero wamkulu awayang'anire. Za malonda a pa chipata cha sukulu nazo nzofunika kuti aphunzitsi aakulu ndi makomiti akambirane, pakuti choononga mano kwambiri ndi kumyamwa switi kangapo pa tsiku, chifukwa nthawi iliyonse shuga akalowa m'kamwa asidi uja amayambanso ntchito yake.

Pali chenjezo limodzi. M'madera ena, monga ku Nathenje m'boma la Lilongwe, madzi a m'zitsime zina ali ndi fluoride wopitirira muyeso, ndipo ana okulira kumeneko amamera mano a mawanga ofiirira. Kumeneku si kuola ndipo si uve. Mphunzitsi wodzudzula mwana wotere pamaso pa anzake amlakwira kwambiri.

Mwana akafika ku chipatala nthawi ikadalipo, chithandizo chake nchofulumira ndi chosaopsa. Pali mankhwala omata otchedwa glass ionomer, amene bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika m'chaka cha 2021. Amenewa amatseka timikwasa ta dzino latsopano lija kuti zakudya zisakaniriremo, ndipo amamatanso kadzenje kakang'ono katakolokosedwa ndi zipangizo za m'manja. Njira yomata motereyi inayambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980, ndipo popeza sifuna magetsi kapena makina obowolera, wantchito wa chipatala akhoza kuichita pa tebulo m'chipinda chophunziriramo, ngati mphunzitsi wamkulu ndi ofesi ya zaumoyo pa boma apangana tsiku.