KANYAMA: KOMBONI YOMANGIDWA PA DAMBO

Caka ndi caka anyamata ndi atsikana a m'midzi ya mafumu Mpanshya, Shikabeta ndi Bunda Bunda, m'boma la Rufunsa, akwera mabasi pa mseu wa Great East kukafuna nchito ku Lusaka. Ena a iwo afikira ku Kanyama, kumene lendi ya nyumba ndi yotsikirapo.

Kanyama ili kumadzulo kwa mzinda. Pa kalembera wa 2022, m'cigawo cake munapezeka anthu oposa 500,000. Koma malowa ndi acidikha, ndipo pansi pake pali mwala wa laimu wokhala ndi mapanga odzala madzi. Posowa pomanga, anthu anatenga dothi, zigumu ndi zinyalala, nakwirira zithaphwi ndi maenje ofukulamo miyala, namangapo nyumba zao.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. M'caka ca 1978 cimvula cinagwetsa nyumba zambiri, anthu ena anamwalira, ndipo zikwizikwi anasowa pogona. Kufikira lero, madzi akasefukira, zonyansa za m'zimbudzi zokumba zilowa m'zitsime zosazama. Ndico cifukwa cake matenda a kolera anasautsa Kanyama mu 2017 ndi 2018, ndiponso mu 2024, pamene odwala a mu Lusaka anagonekedwa m'bwalo la masewera la National Heroes.

Motero mlendo wocokera kumudzi, asanalipire lendi, ayambe wafunsa anansi pamene madzi alekezera m'dzinja. Madzi akumwa aziwiritsa kapena kuthiramo kolorini, pakuti nchito aigwira ndi munthu wamoyo.