Mpatuliro Sungamange Ziganizo Ziwiri

Anzanga aseminale, ansembe ndi inu makolo athu, ndati ndikambeko za kachizindikiro kamene kamagwetsa anthu pa mayeso a SAT. Awa ndi mayeso amene makoleji ambiri a ku America amayang'ana posankha ophunzira. Adayamba m'chaka cha 1926 ndipo amawayendetsa ndi a College Board. Kuyambira 2023 olemba kunja kwa America amalembera pa kompyuta. Gawo la kuwerenga ndi kulemba Chingerezi lili ndi mafunso 54 oyankha m'mphindi 64, choncho nthawi yokanda m'mutu palibe.

Taonani chiganizo ichi: "The bell rang, the boys went to the chapel." Mukachiyankhula pakamwa palibe angakudzudzuleni, koma pa mayeso ncholakwa. Mbali iliyonse ili ndi mwininkhani wake ndi mneni wake, ndiye kuti apa pali ziganizo ziwiri zoima pazokha. Mpatuliro wokha ulibe mphamvu yozimanga pamodzi. Mungathe kuika mpumiro pakati, kapena semicolon, kaja kokhala ndi kadontho pamwamba pa mpatuliro. Ngati mpatulirowo mwaukonda, uyende ndi mlumikizi monga "and", "but" kapena "so". Koma chenjerani ndi "however". Ngakhale tanthauzo lake likufanana ndi la "but", mawu ameneŵa sagwira ntchito ya mlumikizi. Pakati pa ziganizo ziwiri amafuna mpumiro kapena semicolon kumbuyo kwake.

Pano pali kanzeru kamene ine ndimakakonda. Funso lililonse lili ndi mayankho anayi ndipo lolondola ndi limodzi basi. Mukaona mayankho awiri ofanana mawu onse, lina la mpumiro lina la semicolon, atayeni onse awiri, pakuti pamenepo zizindikirozi zikugwira ntchito imodzi.

Za kugwirizana kwa mneni ndi mwininkhani, ife odziwa Chichewa tisamavutike nazo. Timati "Gulu la anyamata likubwera," chifukwa mneni akutsata gulu, osati anyamata. N'chimodzimodzi m'Chingerezi: "The group of boys is coming." Okonza mayeso amaunjika dala mawu pakati kuti mwininkhani akusowereni, inu dumphani mawuwo mpaka mumpeze.

Ngakhale amene sitikulota za ku America, malamulo omweŵa tiwafuna polemba chimangirizo cha Chingerezi pa MSCE. Kwa olemba SAT, nthawi ikakutherani musasiye funso losayankha, popeza kuyambira 2016 sachotsera malikisi munthu akalakwa yankho.