Mafunso oyezera nkhawa ya agogo

Nkhawa siioneka m'magazi. Kuti aidziwe, adokotala amafunsa mafunso okonzedwa kale. Koma kodi mafunsowo ndi odalirika?

Ganizani za sikelo ya pamsika. Mukayeza thumba lomwelo kawiri, iyenera kunena cimodzimodzi. Mafunso abwinonso amatero: agogo akayankha lero ndi sabata yamawa, zotsatira sizisiyana kwenikweni.

Caciwiri, mafunsowo aziyeza nkhawa yeniyeni. Mtima wa wokalamba ungagunde kwambiri cifukwa ca matenda ena. Funso la mtimalo lingasokoneze adokotala, agogo n'kulandira mankhwala osayenera.

N'cifukwa cake mu 2007 Nancy Pachana ndi anzake ku Australia anatulutsa mafunso 20 a okalamba, okhudza makamaka maganizo. Munthu amangovomera kapena kukana. Anamasuliridwanso m'Cipwitikizi.

Mukaperekeza agogo kucipatala, musawayankhire. Asiyeni anene okha zamumtima.