GALIMOTO IKAGUNDA WAPANJINGA: NJIRA YOPEZERA CHIPUKUTA MISOZI CHOYENERA

Njinga ya kapalasa ndiyo galimoto ya anthu ambiri kuno kwathu. Pa njinga timanyamula chimanga kupita ku chigayo, odwala kupita ku chipatala, makala ndi nkhuni kupita ku tauni. Anyamata a kabaza amadyetsa mabanja ao ndi njinga yomweyi. Tsoka lake ndi lakuti msewu umene wapanjinga amayendamo ndi womwewo umene mumathamanga maminibasi ndi malole. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka la iwowa ndi oyenda pansi, apanjinga za kapalasa ndi apanjinga zamoto. Ovulala ndiye ndi ochuluka koposa.

Munthu akagundidwa ndi galimoto, nthawi zambiri nkhani imathera pompo pamsewu. Dalaivala amatulutsa kandalama kokonzetsera njinga, wovulala nkulandira, anthu nkubalalika. Pakapita masiku mwendo uyamba kutupa, ku chipatala nkupeza kuti fupa linathyoka, pamene galimoto ija sikudziwika kumene inalowera. Tsono m'nkhani ino tiyeni tione zimene malamulo a dziko lathu amanena, kuti wovulala asamangolira chamumtima.

Chindapusa ndi chipukuta misozi nzosiyana

Ambiri amaganiza kuti dalaivala akalipira ku polisi kapena ku khoti ndiye kuti mlandu watha. Sichoncho ai. Pa ngozi imodzi pangabadwe milandu iwiri. Woyamba ndi wa pakati pa boma ndi dalaivala, chifukwa chophwanya malamulo a pamsewu. Akapezeka wolakwa amalipira chindapusa, ndipo ndalamayo imalowa m'thumba la boma. Wachiwiri ndi wa pakati pa wovulala ndi amene anamuvulaza. Mlandu umenewu apolisi samuyambitsira munthu. Wovulala mwini wake ndiye amauyamba. Ndalama imene amalandira pa mlandu wachiwiriwu ndiyo chipukuta misozi. Cholinga chake ndi kumubwezera munthu pamene anali asanavulale, monga momwe ndalama ingathere.

Chofunika kutsimikiza: kusasamala

Kugundidwa kokha sikupatsa munthu ufulu wolandira ndalama. Wovulala ayenera kuonetsa zinthu zitatu: kuti dalaivala anali ndi udindo wosamala, kuti sanasamale, ndiponso kuti kusasamalako ndiko kunadzetsa chivulazo. Kuthamanga mopyola muyeso, kupitirira galimoto ina pamalo pokhota, kuyendetsa ataledzera, kuyankhula pa foni, kapena kukankhira wapanjinga kunja kwa phula, zonsezi ndi zitsanzo za kusasamala.

Lamulo limeneli makhoti athu analitengera ku Britain. M'chaka cha 1932 kunagamulidwa mlandu wotchuka wa Donoghue ndi Stevenson, wa mai wa ku Scotland amene anadwala atamwa chakumwa cha m'botolo chimene anati munali nkhono yoola. Woweruza wina, Lord Atkin, anatenga funso lija la mu Luka mutu 10 lofunsa kuti mnansi wathu ndani, naliyankha mwa malamulo: mnansi ndi munthu aliyense amene zochita zathu zingamupweteke tikapanda kusamala. Motero kwa dalaivala, wapanjinga amene ali kutsogolo kwake ndi mnansi wake, ngakhale sadziwana.

Kodi ndalamayo amalipira ndani?

Anthu ena amaopa kudandaula poganiza kuti dalaivala ndi mmphawi ngati iwo omwe. Koma lamulo la za pamsewu la 1997, lotchedwa Road Traffic Act, limakakamiza kuti galimoto yoyenda pamsewu ikhale ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena amene galimotoyo ingawavulaze kapena kuwapha. Ndi chifukwa chake apolisi pa rodibuloko amayang'ana kapepala komata pa galasi lakutsogolo. Gawo 148 la lamulo lomweli limalola wovulala kusumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji, m'dzina lake.

Komabe kampani imalipira kulekeza pa malire amene analembedwa m'pangano lake ndi mwini galimoto. M'milandu yambiri ya m'zaka za m'ma 2010 malirewo anali K5,000,000. Khoti likagamula ndalama yoposa malire, yotsalayo amalipira dalaivala kapena mwini galimoto. Pa chifukwa ichi maloya amakonda kusumira onse pamodzi. Ngati dalaivala anali pa ntchito ya bwana wake pamene ngozi imachitika, bwanayo nayenso amasenza mlanduwo. Ngati galimoto inalibe inshuwalansi, ufulu wa wovulala sunathe, kungoti ndalama iyenera kuchokera m'thumba la eni galimoto, ndipo kuipeza kumavutirapo.

Zoyenera kuchita ngozi ikangochitika

Choyamba ndi moyo. Wovulala apite ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale akuona ngati wangosupuka. Kuvulala kwa m'mutu ndi kwa m'mimba nthawi zina kumaonekera mochedwa. Ndiponso zimene dokotala walemba m'buku la kuchipatala pa tsiku la ngozi zimakhala umboni wamphamvu.

Chachiwiri, wina mwa anthu amene ali pafupi alembe nambala ya galimoto, mtundu wake, dzina la dalaivala ndi dzina la kampani ya inshuwalansi. Ngati pali foni yojambula, ajambule galimoto, njinga, malo a ngozi ndi mabala. Alembenso maina ndi kumene akukhala anthu awiri kapena atatu amene anaona ngoziyo, pakuti mboni zikabalalika kuzisonkhanitsa nkovuta.

Chachitatu, ngozi ikanenedwe ku polisi msanga. Apolisi a pamsewu amapita pamalopo, kuyeza ndi kulemba zimene apeza. Pambuyo pake wovulala amakatenga lipoti la apolisi, limene limatchula galimoto, mwini wake, inshuwalansi yake ndi amene apolisi akumuganizira kuti analakwa. Popanda lipoti limeneli kampani ya inshuwalansi kawirikawiri siyamba nkomwe kukambirana. Apa tichenjezane: kumenya dalaivala kapena kutentha galimoto ndi mlandu, ndipo kumaononga umboni umene ukadathandiza wovulala.

Chachinai, sungani chilichonse: malisiti a mankhwala, a thiransipoti yopitira ku chipatala, a lipoti la apolisi ndi la dokotala, zithunzi za ekisire, ngakhale njinga yophwanyikayo. Musaikonzetse isanajambulidwe ndiponso wokonza njinga asanalembe mtengo wake.

Chachisanu, mabala akapola, dokotala amalemba lipoti lofotokoza chivulazo, chithandizo chimene munthu analandira, ndi kulumala kumene kwatsala, kumene kawirikawiri amakulemba m'maperesenti.

Kodi ndalamayo amaiwerengera bwanji?

Chipukuta misozi chili ndi mbali zingapo. Pali ndalama ya ululu ndi masautso amene munthu wapirira. Pali ndalama ya zinthu zimene ankasangalala nazo koma tsopano sangathe, monga kusewera mpira, kulima kapena kupalasa njinga. Pali ya zipsera ndi kupunduka kwa thupi. Zitatuzi zilibe mtengo wa pa msika, kotero khoti limayang'ana milandu ina ya anthu amene anavulala mofanana, nkuona zimene analandira. Limaganiziranso kugwa mphamvu kwa ndalama. Paja kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho ndalama imene inali yokwanira pa mwendo wothyoka zaka khumi zapitazo lero ndi yochepa.

Mbali ina ndi ya ndalama zimene munthu wataya zenizeni, ndipo izi khoti limafuna umboni wake. Tiyerekeze wakabaza amene amapeza K5,000 pa tsiku, masiku 6 pa sabata. Wakhala ndi chikhakha osagwira ntchito masabata 12. Amenewa ndi masiku 72, ndipo ndalama imene wataya ndi K360,000. Pamwamba pake tionjezepo mtengo wa njinga ndi zolipira ku chipatala. Koma ngati alibe kabuku kolembamo zimene amapeza, kapena anzake a pa siteji omuchitira umboni, khoti lingamupatse zochepa. Ngati sadzathanso kupalasa moyo wake wonse, palinso ndalama ya mphamvu zopezera chuma zimene zatayika. Munthu akamwalira pa ngozi, mkazi kapena mwamuna wake, ana ndi makolo amene ankadalira iye angathe kupempha chipukuta misozi.

Nanga wapanjinga nayenso akalakwa?

Tisabise, nafenso apanjinga timalakwitsa. Ena amayenda usiku opanda nyale, ena mabuleki ao ndi phazi, ena amayenda ku dzanja lamanja pamene lamulo likuti kumanzere, ena amangokhota osakweza dzanja. Khoti likapeza kuti onse awiri analakwa, limagawa mlandu. Tiyerekeze kuti chipukuta misozi chonse ndi K4,000,000, ndipo khoti lapeza kuti wapanjinga analakwa ndi 25 peresenti chifukwa analibe nyale. Iye adzalandira K3,000,000. Choncho kulakwako pang'ono sikutseka njira, koma kumachepetsa ndalama. Ndi bwino kumuuza loya zoona zonse poyamba pomwe, kusiyana nkuti akazimvere ku khoti kuchokera kwa mboni za mbali ina.

Ku khoti mlandu umaola

Akuluakulu amati mlandu suola. Kumudzi nzoona, koma ku khoti nthawi imawerengedwa. Lamulo la Limitation Act limapereka zaka 3 zoyambitsira mlandu wa kuvulala. Ufulu wosumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji ndi waufupi koposa, chifukwa umatha pakapita zaka 2. Kulemberana makalata ndi kampani sikuimitsa nthawiyi. Pali anthu amene amangoyendera ku ofesi, lero bwerani mawa, mawa bwerani mkucha, mpaka zaka zitakwana. Ngati galimoto inali ya boma, pamafunika kupereka chidziwitso cholembedwa kwa Attorney General mlandu usanayambe, kotero kufulumira nkofunika kwambiri. Mwana wosakwana zaka 18 sayambitsa mlandu yekha. Kholo kapena womuyang'anira ndiye amamuyimira.

Kukambirana ndi kusaina

Milandu yambiri imatha pokambirana, ndipo palibe choipa pamenepo. Ngakhale ku High Court, malamulo a 2017 amafuna kuti mbali ziwiri ziyambe zayesa kugwirizana pamaso pa mkhalapakati. Koma dziwani kuti kampani ikamalipira imapereka pepala loti wovulala asaine, lonena kuti nkhani yatheratu. Mukasaina, simungabwererenso mawa kuti mwendo wayambanso kupweteka. Munthu amene ali ndi ngongole ya ku chipatala ndi ana ofuna fizi amakopeka msanga ndi ndalama yoyamba imene yatchulidwa. Musasaine dokotala asanatsimikize mmene thupi lidzakhalire, ndipo musasaine pepala la Chingerezi limene simunalimvetse. Safunsa anadya phula.

Kopeza chithandizo

Amene alibe ndalama yolipira loya apite ku Legal Aid Bureau, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti izithandiza anthu osauka pa milandu. Ili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Zomba, Mzuzu ndi m'maboma ena. Amene akufuna loya woima payekha agwirizane naye za malipiro poyamba, ndipo mgwirizanowo ulembedwe. Ndalama zikatuluka, wovulala ali ndi ufulu woona pepala losonyeza kuchuluka kwa zimene kampani yalipira ndi zimene loya wachotsa. Loya akachita zachinyengo, dandaulo limapita ku Malawi Law Society. Kampani ya inshuwalansi ikamazengereza popanda chifukwa, dandaulo lingapite ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampani amenewa.

Chenjeraninso ndi madobadoba amene amazungulira m'mawodi a zipatala kulonjeza odwala mamiliyoni. Amatenga mapepala a wodwala, kumusainitsa, ndipo ndalama zikatuluka mwini chilonda amalandira nyenyeswa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mapepala enieni musapatse munthu wamba, perekani mafotokope.

Mau otsiriza

Kupempha chipukuta misozi sikubwezera choipa, ndipo sikulanda. Mwini galimoto amalipira inshuwalansi chaka ndi chaka kuti tsiku la tsoka wovulala athandizidwe. Koma chilungamo chomwecho chimafuna kuti wovulala asakokomeze chivulazo kapena kugula lipoti labodza, pakuti chinyengo chotere ndi mlandu, ndiponso chimachititsa kuti ovulala enieni azikayikiridwa.

Kwa inu makolo ndi abambo ansembe, amene anthu amathamangira kwa inu zinthu zikavuta, kumbukirani zinthu zinai: chipatala, polisi, malisiti ndi kalendala. Ndipo kwa ife ophunzira, amene pa holide timabwereka njinga za kunyumba, tiyambe taona mabuleki, belu ndi nyale tisanalowe mu msewu. Ndalama ingalipire ngongole ya ku chipatala, koma mwendo wodulidwa sumeranso.