Mwaye wa padenga ndi shuga wa m'magazi

Denga la khitchini ya udzu silibisa kanthu. Ngakhale mutalowamo moto utazima, mwaye umene walendewera kudenga umakuuzani kuchuluka kwa utsi umene wakhala ukufuka m'menemo miyezi yapitayi.

Umu ndi mmene kuyeza kwa HbA1c kumagwirira ntchito. M'maselo ofiira a magazi muli himogulobini, yomwe imanyamula mpweya wa okosijeni. Shuga woyenda m'magazi amamatirira pa himogulobiniyo pang'onopang'ono, ndipo akamatirira sachokanso mpaka selolo litafa, patatha masiku pafupifupi 120. Choncho kuyeza shuga pobaya chala kumangoonetsa utsi wa lero, pamene HbA1c imaonetsa mwaye wa miyezi iwiri kapena itatu. Mu 2011 bungwe la WHO linavomereza kuti 6.5 peresenti kapena kuposerapo izitengedwa ngati umboni wa matenda a shuga.

Koma himogulobini si yofanana mwa anthu onse. Ambiri ali ndi HbA. Ena anabadwa ndi HbS, yomwe imayambitsa matenda a sickle cell ndipo ndi yofala mu Africa, kuphatikizapo kwathu kuno. HbC imapezeka kwambiri ku Burkina Faso ndi ku Ghana, ndipo HbE ku Thailand ndi ku Cambodia.

Mwa munthu wodwala sickle cell, amene anatengera HbS kwa makolo onse awiri, maselo ofiira amasweka msanga, patangotha masiku 10 mpaka 20. Zili ngati denga limene amalisasula n'kufoleranso udzu watsopano milungu iwiri iliyonse. Mayi akhoza kumasonkha nkhuni zaziwisi tsiku ndi tsiku, utsi n'kumatsamwitsa ana, koma kudenga kumangooneka koyera. Momwemonso, zotsatira za HbA1c zimatuluka zotsika, wodwala amabwerera kunyumba atauzidwa kuti zili bwino, pamene shuga akuwononga impso, maso ndi mitsempha ya kumapazi mwakachetechete. Zoterezi zimachitikanso kwa amene wangothiridwa magazi kapena amene malungo amuswera maselo ambiri. Kuchepa kwa ayironi kumachita zosiyana: kumakweza nambalayo.

Amene anatengera HbS kwa kholo limodzi nthawi zambiri sadwala, mwinanso sadziwa n'komwe kuti ali nayo. Kwa iyeyu vuto limagona pa makina oyezera. HbS ndi HbC zimasiyana ndi HbA pa kachidutswa kamodzi kokha, ka nambala 6 pa tcheni cha himogulobini chotchedwa beta, pafupi kwambiri ndi pamene shuga amamatirira. Makina ena amasokonezeka nazo n'kupereka nambala yokwera kapena yotsika, pamene ena amawerenga bwinobwino. N'chifukwa chake bungwe la NGSP la ku America limasindikiza mndandanda wa njira zoyezera zimene zimasokonezeka ndi mitundu imeneyi.

Njira zina zilipo. Kuyeza kwa fructosamine sikudalira himogulobini, ndipo kumaonetsa shuga wa milungu iwiri kapena itatu. Kuyeza shuga m'mawa musanadye kanthu, komanso kulemba m'kabuku zotsatira za pachala, kumathandiza dokotala kuona chimene chikuchitika m'thupi.

Inu amene muli ndi matenda a shuga, ngati kubanja kwanu kuli sickle cell, auzeni adokotala asanakutengeni magazi. Ndipo ngati nambala za pachala zikukwera koma HbA1c ikuti zonse zili bwino, musangokhala chete. Pemphani kuti ayeze mtundu wa himogulobini yanu.